Kusamukira kunja ndi mwana kumsana

Pa Wenela, mumzinda wa Blantyre, basi ya ku Joni isananyamuke pamakhala piringupiringu. Anyamata akukweza matumba a mpunga wa Kilombero mungolo ya kumbuyo, kondakitala akuyeza zikwama pasikelo, operekeza akubwereza malonje amene anena kale kunyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, opita kumeneko anali amuna okhaokha. Mkazi ankatsala kumudzi ndi ana n'kumadikira kalata ndi bulangete. Lero pamzere wokwera basi amayi ndi ochuluka, ndipo ena mwa iwo abereka mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri, timiyendo tikulendewera kunsi kwa chitenje.

Ambiri mwa amayiwa sakupita kukacheza. Ena akutsatira mwamuna amene anatsogola, ena akukayamba okha moyo watsopano. Kalembera wa ku South Africa wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 200,000 obadwira ku Malawi, ndipo amenewo ndi okhawo amene analola kuwerengedwa. Pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi nakonso pakudutsa mabanja achinyamata: anamwino opita ku Britain, ochita maphunziro a ukachenjede, ogwira ntchito m'mabungwe amene asamutsidwira ku Nairobi kapena ku Geneva.

Pa ana onse, wovuta kuyenda naye ndi amene wangophunzira kumene kuyenda. Khanda limayamwa n'kugona. Mwana wa zaka zisanu ukamuuza kuti tifika mawa amamva, ngakhale anyinyirike. Koma wa zaka ziwiri miyendo yangoyamba kumumvera ndipo akufuna kuigwiritsa ntchito, mawa sakulidziwa, chimene chikumuwawa sangachitchule. Sanafunsidwenso ngati akufuna kusamuka. Ulendowu aukonza ndi akuluakulu pa zifukwa za akuluakulu, ndipo mwana amangowonjezeredwa pamapeto, tikiti itagulidwa kale. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa, chifukwa mbali yaikulu ya mavuto siili m'basi kapena m'ndege: ili m'miyezi ya mapepala asananyamuke, ndi m'miyezi yoyamba atafika.

Mwana ali ndi mapepala akeake

Nthawi imene mwana ankangolembedwa mupasipoti ya mayi ake inatha. Ngakhale khanda la sabata ziwiri limayenda ndi pasipoti yakeyake, ndipo pasipotiyo imayambira pa chiphaso cha kubadwa chochokera ku National Registration Bureau. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, koma mpaka pano makolo ambiri chimene ali nacho ndi buku la kusikelo basi. Amadzazindikira kuti bukulo si chiphaso cha kubadwa tsiku limene aima pamzere ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko.

Vuto lina lobisika ndi la mayina. Mwana analembedwa ndi dzina la agogo ake aamuna, bambo ake pachitupa cha unzika ali ndi dzina lina, mayi ake pasipoti anatenga asanakwatiwe. Kumudzi palibe amene zimamusokoneza chifukwa aliyense akudziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Pachipata cha m'malire munthu amene akuona mapepalawo sakudziwa aliyense, ndipo chilembo chimodzi chosiyana chimakwanira kuti banja liime pambali basi ikudikira. Zotere zimakonzedwa kwa DC kapena ku ofesi ya kalembera, ndipo sizikonzeka tsiku limodzi. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pakompyuta anasokoneza makina. Amene anali atagula kale matikiti analira.

Ndiye pali nkhani ya chilolezo cha kholo linalo. Kumadera a chikamwini, monga kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mayi amene banja linatha saona chifukwa chopemphera mwamuna amene sanagulepo ngakhale sopo. Koma wa pachipata safunsa za malume. Iye amafuna kuona kuti bambo wolembedwa pachiphaso cha kubadwa wavomera, kudzera m'kalata yolumbira yodindidwa ndi loya kapena majisitireti, pamodzi ndi kope la chitupa chake. Ngati bamboyo anamwalira, pafunika chiphaso cha imfa. Ngati akukana mwankhanza kapena anasowa, njira ndi ya kukhoti, kuti woweruza apereke chigamulo cholola mayi kuyenda ndi mwana.

Dziko la South Africa linakhwimitsa malamulo a ana odutsa m'malire pa 1 Juni 2015, pamene linayamba kufuna chiphaso cha kubadwa chosonyeza makolo onse awiri. Mu Novembala 2019 linafewetsa lamuloli kwa ana akunja amene ali ndi wowaperekeza. Ena atamva zimenezi anayamba kusiya mapepala kunyumba, koma kumeneko n'kudziika pachiswe, chifukwa ulendo wa pamsewu umadutsanso Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo mafunso pa Beitbridge sanathe. Mu Disembala 2023 bungwe loyang'anira malire a South Africa linalengeza kuti labweza ana 443 osakwana zaka 8 amene anapezeka m'mabasi ochokera ku Zimbabwe popanda makolo awo. Akuluakulu a ku Zimbabwe anatsutsa chiwerengerocho, ndipo anthu ambiri anati anawo ankangopita kukaona makolo patchuthi. Kaya zoona zinali ziti, kuyambira pamenepo mwana aliyense m'basi amayang'anidwa ndi diso lina. Choncho chizolowezi chotumiza mwana ndi transipota, kapena ndi mayi wa pamudzi amene akupita komweko, si chongoopsa chabe. Chingachititse munthu wabwino kumangidwa pa mlandu wozembetsa ana. Zowolotsa mwana pa Limpopo usiku, podutsa ng'ona ndi achifwamba, palibe umphawi umene ungazilungamitse.

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, ndipo mwana nayenso amadindiridwa masiku ake. Wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. Makolo ambiri amakumbukira kukonza za chilolezo chawo cha ntchito n'kuiwala kuti pasipoti ya mwana ili ndi tsiku lakelake.

Ku Britain malamulo asintha mofulumira kwambiri moti amene anapita zaka zitatu zapitazo akhoza kukusocheretsa ndi mtima wabwino. Mu 2022 boma la kumeneko linatsegula khomo kwa osamalira okalamba ndi odwala, ndipo anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa anapita ndi mabanja awo. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, wolowa kumene pa ntchito imeneyi saloledwanso kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 kulemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchitoyi kunatsekedwa. Anamwino ndi madokotala akuloledwabe kutenga mabanja. Ophunzira ambiri a digiri yachiwiri anataya mwayiwu mu Januwale 2024. Kumene kuli kololedwa, mwana amafunsira viza yake payekha, ndipo ngati kholo limodzi likutsala, lopitalo liyenera kusonyeza umboni woti udindo wonse wolera mwanayo uli m'manja mwake. Popeza Malawi ali pa mndandanda wa mayiko oyezedwa chifuwa chachikulu, mwana nayenso amakaonedwa ndi dokotala wovomerezeka, ngakhale kuti wosakwana zaka 11 kawirikawiri sajambulidwa pachifuwa.

Zipata zitatu, zidindo zisanu ndi chimodzi

Kuchoka ku Blantyre kukafika pa Park Station ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,700. Basi imatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kutulukira pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge, kenako Musina, Polokwane ndi Pretoria. Ochokera ku Lilongwe amadzera pa Dedza n'kukakumana ndi msewu womwewo asanafike ku Tete. Zinthu zikayenda bwino ndi maola 30 kapena kuposerapo pang'ono. Nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka, Beitbridge yokha ikhoza kudya theka la tsiku.

Chipata chilichonse chili ndi mbali ziwiri, kutanthauza kuti anthu amatsika m'basi kasanu ndi kamodzi kukadinditsa. Mwana sangatsale pampando chifukwa wodinda amafuna kuona nkhope yake. Ndiye kamwana kamene kangogona kumene patatha maola awiri kakulira kadzutsidwe pakati pa usiku, kaberekedwe, kaime pamzere pamphepo. Nthawi zina katundu yense amatsitsidwa kuti afufuzidwe. Mayi amene ali yekha amafunika manja anayi, ndipo apa ndi pamene chitenje chimaposa chilichonse chogula m'sitolo: mwana ali kumsana, manja onse ali pa mapasipoti ndi chikwama. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe umagwirabe ntchito m'mabasi amenewa, ndipo sipalephera kupezeka mayi wachikulire wonena kuti, bwera naye kuno mwanayo upumeko. Thandizo lotere ndi lolandira ndi manja awiri muli m'basi. Pachipata, pamene pali chikhamu cha anthu osadziwika, mwana asachoke pathupi pa kholo lake.

Nyengo imasintha kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi. Ku Tete m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo basi ikaima pachipata injini itazimitsidwa m'kati mumasanduka ng'anjo. Mwana wamng'ono amatha madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu. Zizindikiro zake ndi thewera louma kwa maola ambiri, milomo youma, kulira kopanda misozi ndi kufooka. Koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Mwana amene anachoka pa Wenela atavala kamalaya kamodzi amafunika juzi, chipewa ndi masokosi asanafike ku Polokwane, ndipo zovalazo zikhale m'chikwama cha m'manja, osati mungolo imene sitsegulidwa mpaka kumapeto.

Chakudya cha m'njira ndi chimene chimagwetsa ana ambiri. Malawi anataya anthu oposa 1,700 ndi kolera mu 2022 ndi 2023, ndipo Zimbabwe nayo inavutika ndi mliri womwewo mu 2023 ndi 2024. Madzi akumwa ndi opangira mkaka akhale a m'botolo lotseka kapena owiritsa kunyumba. Nkhuku yokazinga imene mayi wanyamula imakhala bwino tsiku loyamba, koma ikagona m'basi yotentha isapatsidwenso kwa mwana. Zimene zimapirira ndi nthochi, buledi, mabisiketi, chiponde, ndi ufa wa Likuni Phala woti n'kupempha madzi otentha pamalo opumira. Mapaketi a Thanzi ORS salemera kanthu koma apulumutsa ana ambiri otsegula m'mimba. Mayi amene akuyamwitsabe asaganize zomuletsa mwana bere sabata ya ulendo poti kunjako akayamba ntchito. Bere ndi chakudya, ndi madzi aukhondo, ndiponso ndi chotonthoza chokhacho chimene sichitha panjira.

Pali chizolowezi china chimene chimanenedwa monong'ona pa madepoti: kumumwetsa mwana Piriton kapena Phenergan kuti agone ulendo wonse. Madokotala amaletsa zimenezi. Phenergan saloledwa n'komwe kwa mwana wosakwana zaka ziwiri chifukwa akhoza kufooketsa kapumidwe, ndipo ana ena mankhwala oterewa amawabalalitsa m'malo mowagonetsa. Mwana wogona ndi mankhwala samwanso madzi, pamene ali pamalo otentha. Kulira kwa mwana m'basi kumachititsa manyazi, inde, koma okwera anzako adzaiwala akangotsika.

Makampani ena amalola mwana wamng'ono kukhala pamiyendo kwaulere kapena pa mtengo wotsika, ndipo kwa banja limene lagulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti, nkhani imathera pomwepo. Komabe amene angathe agule mpando wachiwiri. Kunyamula mwana wa makilogalamu 12 pamiyendo usiku ndi usana kumatopetsa mpaka kholo limagona tulo tosadziwa kuti mwana watsetsereka. Kusankha basi nakonso si nkhani ya mtengo wokha. Mu Okutobala 2025 basi yochokera ku Eastern Cape, yonyamula anthu a ku Zimbabwe ndi ku Malawi, inagwera kuphompho pamsewu wa N1 pafupi ndi Louis Trichardt, ndipo anthu oposa 40 anafa, ena mwa iwo ana. Ofufuza anapeza kuti inanyamula anthu ochuluka kuposa mipando yake. Kholo lili ndi ufulu wofunsa ngati basi ili ndi madalaivala awiri osinthana, ndiponso wotsika likaona anthu akukhala m'kanjira ka pakati.

Chimene chikusowa m'zipata zathu n'chaching'ono: mzere wapadera wa amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono, ndi kachipinda kaukhondo kosinthira thewera. Mayiko a m'chigawo chino awononga ndalama zambiri kumanga zipata zamakono kuti malole a katundu azidutsa msanga. Mayi wosintha mwana pansi, kuseri kwa basi, akuyenera kuganiziridwa chimodzimodzi.

Ndege: maola ochepa, malamulo ambiri

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg pandege ndi maola awiri ndi theka. Ku Ulaya kulibe ndege yolunjika, ndiye anthu amasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Odzera ku Addis Ababa amauluka maola pafupifupi anayi, kudikira pabwalo la Bole mpaka pakati pa usiku, kenako maola ena asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kukafika ku London. Addis Ababa ili pamtunda wa mamita oposa 2,300 ndipo usiku kumazizira. Maola odikirawo ndi mwayi: mwana athamange m'makonde mpaka atope, kusiyana n'kumugwira pamiyendo kuti asasowetse anthu mtendere, kenako n'kukayamba kuvuta ndege itanyamuka.

Mwana wosakwana zaka ziwiri amakhala pamiyendo ya kholo atamangidwa kalamba kake, ndipo pa maulendo a kunja amalipira pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa wamkulu. Akangokwanitsa zaka ziwiri ayenera kukhala ndi mpando wake, ndipo mtengo umayandikira wa wamkulu. Mabanja ena amafulumizitsa ulendo chifukwa cha tsiku lobadwa limeneli. Timabedi tokoleka kukhoma la ndege ndi ta makanda, mwana woyenda sakwanamo.

Kulira kwa ana ndege ikamakwera, makamaka ikamatsika, kumachokera m'makutu. Mpweya ukasintha m'makutu mumawawa, ndipo wamkulu amameza malovu kapena kuyasamula osadziwa n'komwe kuti akudzithandiza. Mwana amafunika kuyamwa, kumwa kapena kutafuna kanthu pa nthawi imeneyo. Amene ali ndi chimfine chachikulu kapena khutu lotuluka mafinya aonedwe ndi dokotala ulendo usanafike. Lamulo loletsa zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja silikhudza mkaka ndi chakudya cha mwana, ngakhale achitetezo amatha kuziyeza. M'chikwama chomwecho mukhale matewera opitirira amene mukuganiza kuti akwana, zovala zosinthira mwana, ndi malaya amodzi a kholo, poti mwana akasanza sasankha pogwera.

Za kamba wa kumudzi, Britain salola munthu wochokera kuno kulowetsa nyama kapena zamkaka, kupatulapo mkaka wa ufa ndi chakudya cha ana chosatsegula, mpaka makilogalamu awiri. Nsomba zouma monga usipa zimaloledwa pa mlingo woikika. Ufa wa phala limene mwana analizolowera umathandiza kwambiri sabata zoyamba, pamene akukana chilichonse chachilendo.

Manja amene amatsala kumudzi

Ku Ndirande kapena ku Mchinji mwana wa zaka ziwiri saleredwa ndi anthu awiri. Amadzuka m'manja mwa mayi, phala amudyetsa ndi azakhali, masana ali kumsana kwa msuweni, madzulo wagona pamwendo pa agogo. Mayi akafuna kupita kumsika amangokuwa kwa a neba kuti, mundionereko mwanayu. Zonsezi zimatha tsiku limodzi, ndipo n'zimene makolo osamuka amaziwerengera mochedwa.

Ku England kusiya mwana wosakwana zaka ziwiri ku nazale tsiku lonse kumadya mapaundi oposa 1,000 pamwezi m'madera ambiri. Boma limathandiza makolo ogwira ntchito, koma ambiri obwera pa viza ya ntchito saloledwa kulandira thandizo la boma, ndipo amadikira maola 15 aulere pasabata amene mwana aliyense amapatsidwa akakwanitsa zaka zitatu. Zotsatira zake n'zakuti bambo amagwira usiku, mayi masana, n'kumapatsirana mwana pakhomo wina akulowa wina akutuluka. Mabanja ambiri agwedezeka pa nthawi imeneyi, osati chifukwa chikondi chatha koma chifukwa cha tulo. Kusiya kamwana ndi mkulu wake wa zaka 8, zimene kwathu palibe angadabwe nazo, kumeneko kumabweretsa apolisi ndi a zachisamaliro cha ana pakhomo. Kukwapula mwana kunaletsedwa ku Scotland mu 2020 ndi ku Wales mu 2022, ndipo ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linakuthetsa mu 2019. M'galimoto ku Britain mwana amakhala pampando wake wapadera mpaka zaka 12 kapena msinkhu wa masentimita 135, ndipo wodzakutengani kubwalo la ndege ayenera kubwera nawo. Ku South Africa lamulo lotere limakhudza ana osakwana zaka zitatu m'galimoto za anthu wamba.

Ku Joni vuto loyamba ndi pogona. Mwamuna amene amauza mkazi wake pafoni kuti ndapeza malo nthawi zina akunena chipinda chimodzi chogawana ndi anzake atatu, chotchinga ndi nsalu. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, m'katikati mwa Johannesburg, inapsa usiku n'kupha anthu oposa 70. Mwa iwo munali ana, munalinso Amalawi. Nyumba zotere, zopanda madzi ndi magetsi ovomerezeka, n'zimene munthu wongofika kumene amakwanitsa kulipira. M'nyengo yozizira kuli ngozi ina ya mbaula yosiyidwa m'chipinda chotseka, imene utsi wake wosaoneka umapha anthu ali m'tulo, ndipo mwana ndiye amayamba. Mayi ali ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti aonetsedwe chipindacho pavidiyo asanakwere basi. Afunsenso ngati abwana a ntchito ya m'nyumba imene wamupezera adzalola mwana, chifukwa ambiri salola, ndipo kireshi ndi yolipira.

Buku la kusikelo, lija silinathandize ku ofesi ya mapasipoti, kuchipatala ndiye limakhala chuma. Anamwino a ku South Africa amalembapo zake m'buku lawo la Road to Health, a ku Britain m'buku lawo lofiira, ndipo amaona katemera amene watsala. Ndondomeko zimasiyana. Mwana wa ku Malawi amabayidwa katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15, koma alibe wa matsagwidi, amene ku Britain amaperekedwa, pamodzi ndi wa matenda ena oumitsa khosi. Kulembetsa kwa dokotala wa m'dera ku Britain n'kwaulere. Ku South Africa lamulo limati amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe kwaulere m'zipatala za boma, ndipo mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linatsimikiza kuti izi zikukhudza aliyense, kaya ndi wa dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi. Magulu odana ndi obwera, monga Operation Dudula, akhala akutsekereza anthu pazipata za makiliniki, koma lamulo lili kumbali ya mwana.

Chinthu chimodzi chimene kholo lisaiwale kunena: mwana akatentha thupi m'masabata kapena miyezi yoyamba atafika, dokotala auzidwe msanga kuti mwanayu wachokera kudera la malungo. Ku Johannesburg, London kapena Dublin kulibe udzudzu wofalitsa malungo, ndipo dokotala akhoza kuganiza za chimfine pamene tizilombo tinalowa m'thupi usiku womaliza ku Blantyre kapena pachipata cha Zobue. Kumayiko ozizira kulinso nkhani ya dzuwa. Mu Disembala ku London limalowa 4 koloko masana isanakwane, ndipo khungu lakuda limapanga vitamini D wochepa pa dzuwa lofooka. A zaumoyo kumeneko amalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azimwa mamaikulogalamu 10 a vitaminiyu tsiku lililonse, kupewa mafupa ofewa ndi miyendo ya matewe.

Mwanayo payekha amaonetsa kusokonezeka m'njira zake. Amene anasiya thewera amayambanso kukodza pogona, amene ankasewera yekha amakakamira siketi ya mayi, wina amakana kudya kapena kudzuka usiku akuitana agogo. Si matsenga ndipo si mwano. Zimatha pakapita masabata, makamaka ngati nthawi yodya, yosamba ndi yogona isungidwa monga kale, ndipo chitenje chakale chija, kapu yake ndi chidole chake zabwera nawo. Kuimbira agogo pa WhatsApp kuti awaone nkhope kumathandiza onse awiri.

Chichewa nachonso chimatayika pa msinkhu womwewu. Makolo ena amasiya kulankhula chinenero chawo pakhomo poopa kuti mwana asokonezeka kapena achedwa kuyankhula. Akatswiri a kakulidwe ka ana amati zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo Chingerezi kapena Chizulu adzachitola yekha kwa anzake m'miyezi yochepa. Chimene sangachitole pena paliponse ndi cha makolo ake. Matchona akale ankabwerera okha atakalamba, chinenero chawo chili pakamwa. Ana a lero akhoza kubwera kumaliro a agogo awo osatha kuyankha moni.

Kumusiya kapena kumutenga

Chifukwa cha zonsezi, mabanja ambiri amasankha kusiya mwana kwa agogo kuti akayambe akhazikika. Si chisankho chopepuka ndipo palibe woyenera kuwaweruza. Nthawi zina n'chanzeru ndithu, makamaka pamene kholo silikudziwa kumene likagone. Koma miyezi isanu ndi umodzi imene anthu amalonjeza imasanduka zaka, mwana n'kuyamba kuitana agogo kuti amayi, mayi ake enieni n'kumawathawa akabwera patchuthi. Kwa opita ku Britain pali chiopsezo chinanso: malamulo akhoza kusintha mwana akadali kumudzi, monga zinachitikira mu 2024, ndipo kholo limene lakhala zaka kutali limavutika kusonyeza kuti ndi lomwe likulera mwanayo. Osiya mwana amutengere pasipoti ndi chiphaso cha kubadwa asananyamuke, asiye kalata yolumbira yonena amene akumusunga, ndipo asunge umboni wa ndalama zimene akutumiza.

Kwa amene asankha kupita naye, mafunso ofunika kuyankha si a chikwama. Kodi mayina a pa mapepala onse akugwirizana? Kodi kholo linalo lasayina? Kodi chipinda chimene mwana akagonemo mwachiona ndi maso anu? Ndipo Lolemba loyamba, inu mukamapita ku ntchito imene mwasamukira, mwanayo adzatsala ndi ndani, kwa ndalama zingati? Ngati funso lomalizali lilibe yankho lokhala ndi dzina la munthu kapena la malo, tikiti iyambe yadikira.